Chikwakwa Chamanzere

Utsi unayamba kuoneka kuseri kwa phiri lakumadzulo sabata yomwe a Kalipentala anamaliza kutchetcha mbali yawo. Masana unkangoti tolo, ngati pali wina akuwotcha makala. Madzulo dzuwa linkalowa lili psuu ngati diso lodwala. Iwo ankauyang'ana ali pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja, kenako n'kulowa m'nyumba osanena kanthu. Woti n'kunena naye panalibenso.

Nyumbayo anaimanga okha nthawi imene msana unali wawo, pamwamba penipeni pomwe msewu umathera. Njerwa zinalekeza m'mawindo, kumtunda konse anakhoma matabwa a paini, denga la malata. Kutsogolo kunali thanki ya madzi a mvula, kuseri shedi momwe munali macheka, nyundo, utuchi ndi matabwa amene anawaumitsa zaka zambiri. Oyandikana nawo anali kumunsi, kutali koti ukafuula amakuyankha ndi agalu okha.

Chaka chilichonse mvula ikatha, udzu ukayamba kufiira, iwo ndi akazi awo ankalambula chimene pakhomopo ankachitcha msewu wa moto. Ankatchetcha kuzungulira nyumba yonse, kenako n'kupala ndi khasu mpaka dothi lioneke, kuti moto wolusa ukafika upeze mbale yotsukatsuka. Mayiwo anali amanzere. Chikwakwa chogula kusitolo chinkawaponyera udzu kunyumba m'malo mouponyera kunja, choncho a Kalipentala anatenga china, n'kuchipinda nsonga mbali inayo, n'kukulunga chigwiriro ndi mphira. Kuyambira pamenepo ntchito inagawika yokha. Ankayambira pa thanki atafulatirana, bambo kulowera kumanja, mayi kumanzere, n'kukakumana kuseri pa mwala waukulu waphwatalala umene unali kumtunda kwa shedi.

Woyamba kufika pamwalapo ankakhala bambo nthawi zonse. Ankakhala pansi n'kumanola chikwakwa ndi tupa, khutu lili kwa mnzawo amene ankabwera chapatali, tchwe, tchwe, tchwe, uku akudandaula.

"Munandigawira mbali ya mfiti, bambo inu," ankatero mayiwo akatulukira, thukuta lili kamukamu.

"Eya."

"Eya chiyani? Munthu kukamwa ngati munakhoma misomali."

Koma bambo akangoti anyamuke akathandize, mayi ankawabweza ndi chikwakwa chomwecho. "Mbali yanga musaikhudze. Inu mumalambula ngati nkhuku ikupalasa."

Mayiwo anamwalira mvula ili pakati. Chilimwe chino a Kalipentala anayambira pa thanki monga mwa kale, anatchetcha, anapala, anafika pamwala. Anakhala pansi, ananola chikwakwa mpaka chinathwa ngati lumo. Kumanzere kunali zii, tsekera yekha akuwerama ndi mphepo. Anabwerera kunyumba. M'mawa mwake anapitanso, anakhalanso. Sikuti mutu unali utasokonekera ayi. Kumene anagona akazi awo ankakudziwa bwino. Koma mwendo ukafika pamwalapo unkaima wokha, ndipo iwo sanaukakamize.

Tsiku limene mphepo inatembenuka, phulusa linayamba kugwa pakhonde ngati nthenga za nkhuku yakuda. Chakum'mawa ndithu kunamveka kagalimoto konyamula katundu, kapikapu, kakukwera mtunda, kakutsokomola ngati nkhalamba yafodya. Anali alamu awo, mlongo wamng'ono wa malemu, amene ankanyamulira anthu katundu m'phirimo. Aliyense ankawatchula kuti a Wailesi, chifukwa chowatsekera chinasowa ali mwana.

"Odi, alamu! Mulipo, kapena munasanduka thabwa?"

"Ndilipo."

"Mwana wanu wandiimbira mpaka khutu latupa. Akuti yanu simukuyankha."

"Ili m'kabati."

"Foni m'kabati ngati shuga! Mukuopa nyerere?" A Wailesi anatsika, n'kumenyetsa chitseko kawiri kuti chigwire. "Tamverani. Moto wawoloka mtsinje. A zankhalango akuti aliyense wokhala kumtunda kwa mlatho atsike lero lomwe. Tengani bulangete, mankhwala anu a mawondo ndi chithunzi cha achemwali, tizipita. Nyundo musiye, kutauni kulibe chokhoma."

"Ndalambula."

"Mwalambula? Tikaone. Ine sindigula mbuzi ili m'thumba."

A Wailesi anayamba kumanja, akuyenda padothi lopalidwa bwino, akuyamikira mokweza kuti apa ngakhale nyerere ingaterereke. Mawu awo anazungulira kuseri kwa nyumba, kenako anaduka. A Kalipentala anamva phee amene anali asanamumvepo chikwatirireni m'banja limenelo. Patapita kanthawi alamuwo anatulukira, buluku lili ndi zisoso mpaka m'mawondo.

"Alamu, mwavala buluku mwendo umodzi."

A Kalipentala anayang'ana m'kapu.

"Uku bwanji? Tsekera mpaka kupitirira mutu wanga, wafika pakhoma la shedi. Mukudikira ndani?"

"N'kwa achemwali anu."

A Wailesi anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati ngati muli yankho, anachivalanso. Atayankhula, mawu anali otsika.

"Achemwali anapita, alamu. Bokosi munakhoma ndi manja anuwa, ine ndinanyamula nawo. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Sufunsa kuti tchireli n'la yani."

Foni inalira m'thumba la a Wailesi. Anangoyang'ana n'kuipereka. Anali mwana yekhayo wa a Kalipentala, namwino wa kutauni.

"Bambo, mwakwera galimoto?"

"Ayi."

"Bambo, chonde. Chipinda chija ndakonza, ndaika ndi matiresi atsopano. Amayi ndaika m'manda chaka chomwe chino. Musandichititse kuti ndidzafufuze mafupa anu m'phulusa."

Chipinda chimenecho a Kalipentala ankachidziwa. Anagonamo masiku angapo maliro atatha. Windo lake linayang'ana khoma la oyandikana nawo, pafupi koti n'kulikhudza ndi dzanja. Tsiku lonse ankakhala pampando wofewa, manja ali pamawondo, kanema akulankhula yekha, anthu akuwadutsa mwaulemu ngati katundu wa mlendo. Anadziwa kuti nyumba ino ikapsa, kotsala ndi kumeneko, mpaka tsiku lodzawatulutsa chogona.

"Bambo, mukundimva?"

"Ndamva. Ukudya bwino?"

Kunamveka kupuma kwa munthu amene akuletsa misozi. Iwo anabweza foni kwa mwini wake.

A Wailesi anayesa zonse. Ananyengerera, anatukwana pang'ono, anaopseza kuti awamanga ndi chingwe cha katundu. Koma kumlatho kunali mayi wina ndi mwamuna wake wofa ziwalo, akudikira kapikapu komweko, ndipo panalibe wina wowanyamula.

"Ndikawasiya ndibweranso," anatero ali kale pachiwongolero. "Moto ukafika pa mapaini a pakona, msewu watsekeka. Ndidzaima pansi pa kona n'kuimba hutala. Mukadzaimva mutsike, ngakhale muli chibadwire. Mwamva, gonthi inu?"

"Eya."

"Eya wanuyo ndi amene anakalambitsa achemwali anga."

Kapikapu katapita, a Kalipentala anatsuka kapu, anaivundikira pathandala. Anatenga chikwakwa chawo n'kupita pamwala. Anaima. Kuchokera pamenepo akanangopitiriza, dzanja lamanja likanagwira bwino lomwe. Koma ntchito pakhomo pano sinayambirepo pamwala. Anabwerera ku thanki, anatembenukira kumanzere, kumene anali asanayang'aneko ndi chida m'manja.

Anatchetcha kangapo, udzu wonse n'kugwera kunyumba. Anaima, anapukusa mutu. Analowa m'khitchini. Kuseri kwa chitseko kunali misomali iwiri, ndipo pa wachiwiri panali chikwakwa chamanzere, chitachita dzimbiri pang'ono kunsonga. Anachitsitsa. Mphira wa pachigwiriro anali ataperepeseka malo amodzi, pomwe pankakhala chikhatho cha mwini wake. Anaikapo chawo. Sichinakwanepo bwino.

Dzanja lamanzere linali ngati la mwana wophunzira kudya yekha. Chikwakwa chinkapita kumene chafuna. Koma udzu unayamba kugwera kunja.

Asanapite patali chitsulo chinamenya mwala, mpaka dzanzi linafika m'phewa. Anasuntha pang'ono, mwala wina. Kumbali kwawo dothi linali lofewa, lopanda ngakhale nsangalabwi. Kuno miyala inabisala m'udzu ngati ana a nkhwali. Kenako nthaka inayamba kupendekeka, mwendo wina pamwamba, wina pansi, bondo lodwala lija likulira. Atadutsa mtengo wa mapeyala anapeza kuti msewu wa moto sunkapita molunjika kumwala monga unkaonekera uli pakhonde. Panali khwawa. Unkatsika nalo, kulizungulira, n'kukweranso tsidya linalo.

M'khwawamo munali chitedze. Anachizindikira mochedwa, chitawathira kale m'khosi ndi m'mikono. Anakanda, kukandako n'kukhala ngati wathira tsabola pabala. Anakumbuka mayi akubwera madzulo n'kudzipaka phulusa m'mikono, iwo n'kumaganiza kuti ndi zachizimayi.

Munalinso zina. Thabwa lawo lomwe, limene linasowa m'shedi kalekale mpaka anakalipira mphepo, linali litagonekedwa pakhwawa ngati kamlatho. Patsidya panali chitsa chosalala pamwamba chifukwa chokhalidwa, pamalo oti kunyumba sungaonekere. Panthambi yapafupi panapachikidwa kapu yachitsulo yothothoka utoto. Ndipo m'mbali monse mwa msewuwo, kunsi kwa udzu, munali mzere wa miyala yosanjidwa mpaka m'bondo. Mwala uliwonse umene unkamenya chikwakwa, mayi ankauzula n'kuuika pamzere, chaka ndi chaka, osauza munthu.

A Kalipentala anaima, akupuma wefuwefu. Mwala wokumanirana uja anausankha okha ali mnyamata, ataima pakhonde, ndi diso la mmisiri limene ankalikhulupirira kuposa tepi yoyezera. Anati apo ndiye pakati.

"Eya," anatero, kuuza chitsa.

Dzuwa litapendeka, kuwala kunasanduka kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ziwala zinayamba kuwagwera kumaso, zonse zikuthawira mbali imodzi. Pamwamba mphamba zinkazungulira, zikudya phwando. Gwape anatulukira m'tchire, anawayang'ana ngati akufuna kufunsa njira, n'kudumpha mzere wa miyala. Kenako anamva phokoso lenilenilo, ngati mvula yamatalala ikubwera padenga la malata, koma kumwamba kulibe mtambo.

Zopala ndi khasu zinali zitachedwa. Anathamangira ku thanki momwe mawondo analolera, anaviika ziguduli ziwiri, anadzaza ndowa, anatenga machesi. Anayatsa udzu kunja kwa mzere wa miyala, pang'onopang'ono, kuti moto wawo upite ukakumane ndi mnzake kutali ndi nyumba. Ukafuna kubwerera, miyala ya mayi inkaugwira miyendo, iwo n'kuumaliza ndi chiguduli. Ankayatsa, kuthibula, kusuntha, kutchetcha pang'ono, kuyatsanso. Utsi unawalowa m'maso mpaka dziko linasanduka madzi.

Hutala inalira kumunsi. Inalira nthawi yaitali, kuleka, kuliranso, ngati ng'ombe imene yasowa mwana wake. A Kalipentala anaweramuka. Kuchokera pamene anaima, njira yotsikira kukona inkaoneka, yoyera, ikadali yotseguka. Anayang'ana njirayo, anayang'ana nyumba. Makatani amene mayi anasoka anali m'windo la kuchipinda, atatsekedwa mbali imodzi monga anawasiyira m'mawa. Anaviika chiguduli m'ndowa.

Hutala inalira komaliza, mwaukali. Kenako kunamveka injini ikubwerera chambuyo, ndipo patapita kanthawi mapaini a pakona anayaka, wina ndi wina, ngati akupatsirana nkhani.

Anali atatuluka m'khwawa, atatsala ndi kachigawo kokwera kukafika pamwala, pamene moto waukulu unafika. Sunabwere ngati mzere. Unabwera ngati khamu la anthu olusa, ena kutsogolo, ena kudumpha anzawo. Pamene panali popsereza kale unafika n'kugwada, kusowa chodya. Koma pa kachigawo kotsalako tsekera anali chiimire mpaka pakhoma la shedi, ndipo moto unalowa pamenepo ngati mwini nyumba.

Shedi sanailimbire. Utuchi ndi matabwa ouma sizifuna kunyengerera. Anangomva kuti phuu, malata akudzipinda. M'menemo munali macheka amene anagula asanakwatire, ndi matabwa a mkungudza amene ankasungira bokosi lawo lomwe. Anafulatira, n'kuyamba kutunga. Kuchokera ku thanki kukafika kukhoma lakuseri kwa nyumba, ndowa ndi ndowa, kuthira matabwa a paini amene anayamba kutuluka thukuta la utomoni. Galasi la windo la kukhitchini linathetheka n'kugwa. Kanthu koyaka kanatera pa fesha bolodi, thabwa la m'mphepete mwa denga, iwo anakakwapula ndi chiguduli atakwera pampando. Nsidze zinapsa osazimva. Ankangodziwa ndowa, khoma, ndowa, khoma, mpaka pompi ya thanki inayamba kutsonyoka madontho.

Ataweramuka ulendo wina, anapeza kuti phokoso lili kumtunda. Moto unali utazungulira kumbali kwawo, unanunkhiza dothi lopalidwa lija, n'kupitirira kukwera phiri. Nyumba inali chiimire, khoma lakuseri lili bii, ikufuka nthunzi ngati hatchi yothamanga.

Anakhala pansi pomwepo kwa nthawi. Kenako anadzuka, anatola chikwakwa chamanzere pamene anachiponya, n'kubwerera kukhwawa. Thabwa lija linali litapsa mbali imodzi koma linawawolotsa. Kapu inali pansi, yakuda, nthambi yake kulibe. Anaitola. Anakwera kachigawo kotsala kaja. Panalibenso choti n'kutchetcha, moto unali utawagwirira ntchito, koma anayenda momwe msewu unkayenera kudutsa, phulusa lotentha likulowa m'nsapato.

Anatulukira pamwala kuchokera kumanzere. Chikhalireni paphiripo anali asanauonepo mwalawo kuchokera mbali imeneyi. Unkaoneka wautali, ndipo munthu wokhala pamwamba pake akanaoneka ngati bwana. Tupa yawo inali pomwe anaisiya. Anaima pamene mayi ankaima, mikono ikuyabwa, thukuta likulowa m'maso.

"Munandigawira mbali ya mfiti," anatero.

Panalibe woti ayankhe eya. Chitsa china chinkathetheka chapatali, basi.

A Wailesi anafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa, wapansi, chifukwa mtengo unagwera pamsewu. Anabwera akuitana kuchokera kutali, mawu atasasa, ndipo atawaona ali pakhonde anaima n'kugwira m'chiuno.

"Mfiti inu! Ine ndabwera ndi chinsalu choti ndidzakukulungireni!" Anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kunamizira utsi. "Taonani nkhope. Nsidze zapita kuti? Mwakhala ngati mbatata yootcha."

"Shedi yapita."

"Shedi! Munthu wapulumuka pakamwa pa ng'ona akudandaula chipewa." Anakhala pasitepe, anatulutsa foni, anaimba, n'kuwapatsira. "Lankhulani nokha. Ine wanditukwana kale mokwanira, ngati si ine malume ake."

"Bambo?"

"Nyumba ilipo."

Mwanayo analira osabisanso. Iwo anadikira mpaka atamaliza.

"Mubwera?" anafunsa pomaliza.

"Ayi. Ubwere ndiwe, mvula ikagwa. Kukhala kobiriwira."

Anabweza foni. Amuna awiriwo anayang'ana phiri limene linali lakuda kuyambira pakhonde mpaka kumene diso limalekeza, utsi ukutuluka m'zitsa apa ndi apo.

"Mwala uja," anatero a Kalipentala, "sunali pakati."

A Wailesi anawatembenukira. "Mwadziwa lero? Achemwali anauza dziko lonse. Kumpingo ankadziwa, kuchigayo ankadziwa, ngakhale galimoto yangayi ikudziwa. Ine ndinawauza kuti, bwanji osasinthana mbali? Akuti, asiyeni, mawondo awo ndi obooka, kukhwawa kuja angakagwe." Anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kuthera panjira. "Akuti akafika pamwala azikupezani mutakhala. Ndi zimene ankafuna."

A Kalipentala anatambasula dzanja lamanzere. Pachikhatho panali chithuza chachikulu chophulika, pamalo omwe mphira anaperepeseka.

A Wailesi anakakamira kuti agone pomwepo, koma a Kalipentala anakana. Kumunsi kunali anthu ofuna kubwezedwa m'makwawo, ndipo kapikapu kanali kokha pamsewu. Anawaperekeza mpaka pa thanki. Mawu a a Wailesi anatsika phiri, akulonjeza galasi la windo, akutukwana mtengo wogwa, mpaka anazimirira.

Kunja kukadali kowala pang'ono, anatsuka kapu yachitsulo ija ndi madzi otsalira m'ndowa. Mwaye wina unakana kuchoka. Anaivundikira pathandala pambali pa yawo. Anatulutsa foni m'kabati n'kuiika patebulo. Kenako anapukuta zikwakwa zonse ziwiri, anazipaka mafuta, n'kuzipachika kuseri kwa chitseko, chilichonse pa msomali wake.

Anatuluka n'kukhala pakhonde. Masiku onse nthawi ngati imeneyi tsekera wa kumanzere ankalira ndi mphepo, ndipo munthu akafuna ankatha kumva ngati wina akubwera chapatali, akutchetcha. Lero mphepo inkadutsa pabwalo lopanda kanthu. Anakanda mkono, n'kupitiriza kukhala.